Ndikufuna kukathandiza mwana wanga ku Joni, kodi masiku 30 andikwanira?

Funso: "Zikomo alangizi. Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Mwana wanga wamkazi amakhala ku Tembisa, ku Joni, ndipo ndi woyembekezera. Akuti achira chakumapeto kwa Juni. Wandipempha kuti ndikamuthandize, ndipo ndikufuna ndikakhaleko miyezi iwiri kapena itatu. Ndikufunanso kutenga mdzukulu wanga wa zaka 7, mwana wake woyamba amene ndimalera kuno, kuti akaone amayi ake. Pasipoti ndili nayo koma itha mu Okutobala, ndipo kunja sindinapiteko kupatula ku Chipata. Ndimamwa mankhwala a BP. Mnyamata wina wa kwathu kuno akuti ndisavutike, ndingomupatsa ndalama, iye amadziwana ndi a pa boda ndipo masiku akatha adzandidindira. Ndiyambire pati?"

Yankho:

Mayi, zikomo pofunsa nthawi ikadalipo, ndipo mwana wanuyo tikumufunira kuti achire bwino. Mtima ukhale m'malo. Njira ya ku Joni azimayi a msinkhu wanu amaiyenda sabata ndi sabata, ena osadziwa n'Chingerezi chomwe, ndipo amapita n'kubwerako bwinobwino. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu kukonza maulendo a njira imeneyi, amene ndawaona akulira kawirikawiri ndi a mitundu iwiri: amene anapereka pasipoti yawo m'manja mwa munthu wina, ndi amene sanawerenge tsiku lolembedwa pa chidindo. Ndiye ndiyambira pomwepo, za basi ndi katundu zibwera pambuyo.

Mmalawi amene ali ndi pasipoti wamba safunika viza kuti alowe mu South Africa, koma amaloledwa kukhalamo masiku osapitirira 30. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu, poti inu mukuganiza za miyezi iwiri kapena itatu. Masiku 30 amenewonso si oti mungakaumirire pawindo. Wa imigireshoni akakayikira cholinga cha ulendo wanu, kapena mukalephera kunena kumene mukafikire, atha kukupatsani ocheperapo. Choncho akakubwezerani pasipoti musathamangire kuiika m'chikwama. Imani pambali pomwepo, itseguleni, muone tsiku lomwe alemba. Ngati maso akuvuta, mnzanu wa m'basi akuwerengereni, kenako mulilembe papepala ndi kumutumizira mwana wanu pa WhatsApp. Pofika tsiku limenelo muyenera kukhala mutadinditsa kale potuluka pa chipata cha South Africa. Kukhala muli m'basi ku Polokwane, mzinda wa m'njira musanafike pa chipatacho, sikuwerengedwa.

Kale munthu akapitiriza masiku ankalipira chindapusa n'kumapita, ndipo anthu ambiri akadali ndi maganizo amenewo. Zinasintha mu 2014. Lero mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, ngakhale tsiku limodzi lokha, amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikomo ndipo simulowamonso kwa chaka chathunthu. Mukabwereza pasanathe zaka ziwiri, chiletso chimakhala cha zaka 2. Mukapitiriza ndi masiku oposa 30, ndi zaka 5. Tawerengerani nokha: mukalowa ndi masiku 30 n'kukhala miyezi itatu, mdzukulu amene mukupita kukamulandirayo mudzamuonanso kwawoko ali pafupi kuyamba sukulu. Njira yodandaulira chiletso ilipo kwa amene anagonekedwa m'chipatala kapena anakumana ndi vuto losapeweka, koma imafuna makalata a umboni ndipo imatenga nthawi. Musayembekezere kuti kulera khanda adzakuona ngati chifukwa chokwanira.

Tsopano za mnyamata amene akuti adzakudindirani. Ntchito imeneyi mmene imayendera ndi motere: masiku akatsala pang'ono kutha mumapereka pasipoti ndi ndalama, iye amaipatsira munthu wa pa basi kapena pa lole, pasipotiyo imayenda yokha mpaka ku Beitbridge, chipata cha pakati pa South Africa ndi Zimbabwe, n'kubwera ndi zidindo zosonyeza ngati munatuluka n'kulowanso. Mukaiona imaoneka yopanda banga. Koma boma silidalira inki yokha. Pasipoti iliyonse ikamadutsa amailowetsa mu kompyuta, ndiye tsiku lomwe mudzatuluke zenizeni, kompyuta ikanena kuti munalowa mu Juni ndipo simunatulukepo pomwe tsamba likunena zina, mlandu sukhalanso wopitiriza masiku, umasanduka wa chinyengo. Anthu amamangidwa. Ena amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungirako anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Panthawi imeneyo foni ya mnyamata uja siipezeka. Kuyambira 2023 zipata za South Africa zili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority, ndipo nkhani ya zidindo zabodza laiikapo maso kwambiri. Palinso china chomwe anthu sachiganizira: masiku onse amene pasipoti ikuyenda ndi anthu osawadziwa, inu mwatsala m'dziko la eni opanda chokuchitirani umboni, ndipo pali mapasipoti ena omwe sabwerera n'komwe. Ndikukupemphani ndi mtima wonse, mukaneni. Mukaneni mwaulemu poti ndi mwana wa m'dera lanu, koma pasipoti isachoke m'manja mwanu kupatula pawindo la imigireshoni, inu muli chiimire pomwepo.

Ena adzakuuzani kuti masiku akatha mungowoloka kupita mbali ya Zimbabwe, mugone usiku umodzi, mubwererenso. Imeneyonso si njira yodalirika, chifukwa munthu amene sanabwerere kwawo kawirikawiri sapatsidwanso masiku athunthu.

Njira zoyenera ndi ziwiri. Yoyamba ndi kukhutira ndi masiku 30 koma kuwaika pamalo pake. Inu monga mayi mukudziwa kuti tsiku lomwe dokotala amapereka ndi longoyerekeza, khanda litha kufulumira kapena kuchedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Cholakwika chomwe agogo ambiri amachita ndi kunyamuka msanga chifukwa cha nkhawa. Amakafika kumayambiriro kwa Juni, amatha masabata atatu akungodikira, mwana n'kubadwa masiku atatsala owerengeka, ndiye mtima umakana kusiya mwana ali m'chikuta, n'kupitiriza masiku. Maganizo anga ndi akuti za kupita kuchipatala muwasiyire akamwini ndi anzawo a kumeneko, inu munyamuke tsiku litayandikira kwenikweni kapena uthenga ukangofika kuti wachira. Thandizo lanu lidzafunika kwambiri akatuluka m'chipatala: kuphika, kuchapa, kusambitsa khanda, kumulandira usiku kuti mayi agoneko, makamaka ngati achira ndi opaleshoni. Gulani tikiti yololedwa kusintha tsiku, ndipo ulendo wobwerera uikeni masiku atatu kapena anayi chidindo chisanathe, chifukwa basi ikafa panjira a pa boda sadzamva zimenezo.

Njira yachiwiri, ngati miyezi iwiriyo ndi yofunikadi, ndi kupempha viza ya alendo ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe musananyamuke. Viza yotere itha kufika masiku 90. Adzafuna kalata yokuitanani yochokera kwa mwana wanu, umboni wa kumene amakhala, umboni woti ndalama zokusamalirani zilipo, tikiti yobwerera, ndiponso mapepala osonyeza kuti iyeyo akukhala m'dzikomo movomerezeka. Apa ndiye pafunika kuti mulankhule naye momasuka. Ndikudziwa kuti ndi funso lolemera kufunsa mwana wobereka wekha, koma mufunseni ngati ali ndi chilolezo chokhalira kumeneko. Ngati ali nacho, yambani za viza pasadakhale. Ngati alibe, viza yaitaliyo idzavuta, ndiye mugwire njira yoyamba ija, ndipo iyeyo afunefune uphungu ku ofesi ya boma la Malawi ku Johannesburg pa nkhani ya kalembera wa khanda likubweralo. Zoti mudzawonjezera masiku muli konko musazidalire.

Pasipoti yanu ikonzeninso panopa. Lamulo la South Africa palokha limangofuna kuti pasipoti ikhale ikugwirabe ntchito kwa masiku 30 kuchokera pa tsiku lomwe mudzatuluke, ndiye wina atha kukuuzani kuti yanuyo ili bwino. Koma pa basi mudutsa Mozambique ndi Zimbabwe, kumene amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6, pomwe kuchoka mu Juni kufika mu Okutobala ndi miyezi 4 yokha. Masamba nawonso amafunika okwanira, poti popita mudindidwa ka 6 ndipo pobwera ka 6. Ofesi ya imigireshoni ya ku Blantyre muli nayo pafupi. Musadikire mpaka Meyi, mukukumbukira mmene anthu anavutikira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Lipirani pamalo ovomerezeka n'kulandira lisiti, madobadoba a panja pa geti muwapitirire.

Nkhani ya mdzukulu ndi imene yandiganizitsa kwambiri. Mwanayo afunika pasipoti yakeyake, ndipo kuti aipeze pafunika kalata yake ya kubadwa yochokera ku NRB komanso chilolezo cha makolo ake. Mu Novembala 2019 South Africa inafewetsa malamulo a ana a kunja oyenda ndi akuluakulu, kotero ena adzakuuzani kuti pasipoti yokha ndi yokwanira. Ine ndikuti musanyamuke ndi pasipoti yokha. Mudutsa zipata za maiko anayi, ndipo pa chilichonse mwa izo wa imigireshoni kapena wapolisi ali ndi ufulu wofunsa kuti mwanayu ndi wanu bwanji. Mu Disembala 2023 a Border Management Authority analengeza kuti anaimitsa pa Beitbridge ana oposa 400 omwe ankayenda m'mabasi popanda makolo awo, ndipo mwana aliyense woyenda ndi munthu amene si kholo lake amamuyang'anitsitsa. Sakuchita izi pofuna kuvutitsa agogo, ana amabedwadi pa njira imeneyi. Ndiye tengani kalata ya kubadwa, kalata yolumbira ya amayi ake yokulolani kuyenda naye yotchula masiku a ulendo, makope a mapasipoti kapena ziphaso za makolo onse awiri, ndi manambala awo a foni. Mwana wanu atha kukalumbira kalata yakeyo ku polisi ya kumene amakhala n'kukutumizirani. Bambo a mwanayo ngati ali kuno alumbire yawo pamaso pa majisitireti kapena loya, ndipo ngati anamwalira mutenge kalata ya imfa.

Chinanso mugwirizane poyera musananyamuke: kodi mwanayo abwerera nanu? Ndanena izi chifukwa ndaona mabanja amene mayi akangomuona mwana wake mtima umasintha, n'kunena kuti atsale. Iyenso amakhala ndi chidindo chake cha masiku omwewo, ndipo akatsala popanda viza ya sukulu amasanduka mwana wopanda mapepala m'dziko la eni, vuto lomwe limamutsata mpaka akule. Kunena zoona, pa ulendo uno ine ndikanakonda mumusiye. Mu Juni teremu yachitatu imakhala ikadali mkati, inu njirayi ndi yachilendo, kukhala kukuzizira, ndipo kumene mukupitako maso onse adzakhala pa khanda. Ndikumvetsa kuti mwanayo akuwasowa amayi ake, ndipo si chinthu chochepa. Koma mukaidziwa njira, mutha kudzapita naye pa holide mtima uli pansi. Ngati mwatsimikiza kupita naye, m'thumba la malaya ake muikemo kapepala kolemba dzina lake ndi manambala a foni, ndipo pa boda dzanja lake musalitaye ngakhale popita kuchimbudzi.

Za basi kapena ndege, zitengera thumba. Ndege yochoka pa Chileka imatenga maola awiri ndi pang'ono kukafika pa OR Tambo, ndipo Malawi Airlines ndi Airlink zimayenda njira imeneyi. Tembisa ali pafupi kwambiri ndi bwalo la ndege limeneli, kotero kukutengani sikungavute. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa basi kangapo, koma kwa munthu wa BP amene akuyenda koyamba, ngati ana angasonkherane, ndingasankhe kuti mupite pa ndege n'kubwerera pa basi pamene katundu adzakhale atachuluka. Mukatero tikiti ya basi yobwererayo igulidwiretu, muionetse akakufunsani.

Mukasankha basi, sankhani kampani yokhala ndi ofesi yodziwika, yopereka tikiti yolembedwa dzina lanu ndi nambala ya mpando, komanso lisiti la katundu. Intercape ndi imodzi mwa makampani oyenda pakati pa Blantyre ndi Johannesburg, ndipo alipo ena. Funsani ngati pamakhala madalaivala awiri osinthana. Mukafika pokwerera n'kuona anthu akukhala pa zigubu m'kanjira ka pakati, ngolo ya kumbuyo itadzaza mpaka kupendekeka, musakwere, ngakhale itchipe bwanji. Mu Okutobala 2025 basi ina inagwera kuphompho pa msewu wa N1 kufupi ndi Louis Trichardt, anthu oposa 40 anamwalira, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo kafukufuku anapeza kuti inanyamula anthu ochuluka kuposa mipando yake komanso mabuleki ena sankagwira.

Mtunda wonse ndi pafupifupi makilomita 1,700, ndipo muuwerengere tsiku limodzi ndi theka, nthawi zina masiku awiri mizere ikatalika. Kuchoka ku Blantyre mudzadinditsa potuluka pa Mwanza, n'kulowa Mozambique pa Zobue. Pamenepo musachite mantha ndi Chipwitikizi, anthu a m'derali amalankhula chinenero chathu chomwechi. Kenako mudutsa Moatize, kwa migodi ya malasha, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kumene kumatentha ngakhale nyengo yozizira. Mudzatuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Mutoko, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Mukawoloka mwafika ku Musina, ndipo patsala maola 7 kapena 8 kudzera ku Polokwane ndi Pretoria. Wotchi simusintha, nthawi ndi imodzimodzi njira yonse. Sabata yonyamuka muzimvera nkhani, poti zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 zinasokoneza maulendo a pamsewu, ndipo zoterezi zikachitika ndi bwino kusintha tsiku.

Beitbridge ndi pamene pamayesa mtima. Chipatachi chimagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo mabasi ochokera kwathu nthawi zambiri amafikapo usiku kapena m'bandakucha. Kondakitala amadzutsa aliyense, mumatsika ndi pasipoti m'manja, mphepo yozizira ikuwomba, n'kukaima pamzere umene utha kukutengerani ola limodzi kapena maola angapo. Katundu amatha kutsitsidwa yense kuti aliyense aime pambali pa wake, ndipo zikwama za shangani zija zimafanana zonse, ndiye zanu mumangirepo kansalu ka chitenje chowala ndi kulembapo dzina. Pamzerepo padzabwera anyamata olankhula mokoma, ena m'Chichewa chenicheni, akuti amayi bweretsani pasipoti tikudumphitseni mzere. Yankho ndi lomwe lija. Lowezani nambala ndi mtundu wa basi yanu, chifukwa ikadinditsa imasuntha n'kukaima kutsogolo pakati pa mabasi ena ambiri, ndipo dziphatikeni kwa mayi mnzanu mmodzi wa m'basimo kuti muzidikirana. Pawindo adzakufunsani kuti mukupita kuti, kukatani, ndipo mukhala masiku angati. Yankhani zoona mwachidule: kukaona mwana wanga, adiresi ndi iyi, ndibwerera tsiku lakuti, tikiti ndi iyi. Adiresi ndi nambala zikhale papepala, chifukwa foni imatha moto pamene ukuifunitsitsa.

Ndalama sindichulukitsa mawu. Kwacha mukadutsa Zobue ilibenso ntchito. Marandi mugule ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, mutatenga pasipoti ndi tikiti, ndipo lisiti lake mulisunge. Poti ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno, yambani kufunsa msanga, kapena mwana wanu agule tikiti ali konko n'kukutumizirani pa foni kuti inu munyamule zochepa chabe za panjira. Ku Zimbabwe madola a ku America ndi amene amayenda kwambiri ndipo chenje chimavuta, choncho khalani ndi timapepala ta dola imodzi ndi marandi ang'onoang'ono a chimbudzi ndi tiyi. South Africa ili ndi malire a kuchuluka kwa marandi omwe munthu angalowe kapena kutuluka nawo m'manja popanda chilolezo. Osintha ndalama a pa boda manja awo ndi ofulumira kuposa maso athu, apeweni. Ndalama zigaweni pawiri, zina m'kachikwama ka m'kati mwa zovala.

Musananyamuke pitani ku chipatala chomwe mumalandirako mankhwala, akuyezeni BP, muwauze za ulendowu, ndipo mupemphe mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masabata ena awiri apadera. Akhale m'mapaketi ake, m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, osati m'katundu wa pansi pa basi. Ngati mwa mankhwala anu muli aja okodzetsa pafupipafupi, musawasiye poopa kusowa chimbudzi, funsani adokotala nthawi yabwino yomwera muli paulendo. Madzinso musadzimane. Basi ikaima tsikani muyendeyende, ndipo muli pampando muzigwedeza mapazi. Kutupa pang'ono kwa miyendo yonse iwiri kumachitika, koma mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukamva kupweteka pachifuwa ndi kubanika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye madokotala a kumeneko sayamba ndi kuwaganizira. Inu kapena mdzukulu thupi likatentha, nenani msanga kuti mwachokera ku Malawi ndipo mupemphe kuyezedwa malungo. Ngati muli ndi chifuwa chomwe chatha masabata awiri, kayezetseni TB musanapite kukanyamula khanda. Funsaninso za inshuwalansi ya paulendo ku makampani a inshuwalansi kuno, chifukwa mlendo akadwala kumeneko chithandizo sichikhala chaulere.

Kuzizira kwa ku Joni mu Juni ndi Julayi musakuyese masewera. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, kuposa mmene kumachitira ku Dedza. Tengani juzi yokhuthala, masokosi, chipewa ndi bulangete la m'basi. Ndipo ichi muchigwire: musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ndipo chitofu cha parafini chisayake usiku anthu atagona. Mpweya wake sununkha, umagonetsa anthu osadzukanso, ndipo khanda ndi limene limayamba kugonja.

Ndikudziwa kuti simungapite kwa mwana wochira chimanjamanja. Mudzafuna kunyamula ufa woyera, usipa, mpunga wa Kilombero, nyemba, mwinanso mfutso. Dziwani kuti malamulo a South Africa amafuna chilolezo pa zinthu za nyama, mbewu ndi zomera, ndipo oyendera katundu ali ndi mphamvu yolanda. Nyamulani zochepa zoti zikalandidwa musadandaule kwambiri, ndipo akakufunsani nenani zomwe muli nazo. Mizu ndi makungwa osambitsira mwana nazonso zitha kukuimitsani, ndipo poti nkhaniyi yafika apa, khanda lisamwetsedwe kanthu kena kupatula bere, pamchombo pasapakidwe chilichonse chomwe a chipatala sananene. Uthenga ukamveka ku Chilomoni kuti mukupita ku Joni, anthu adzabwera ndi timaphukusi toti mukapatse abale awo. Kalikonse katsegulidwe mwini wake ali pomwepo. Kokanidwa kutsegula kasiyeni, chifukwa m'phukusi mukapezeka chamba womangidwa ndi amene walinyamula.

Ngati mwayenda pa basi yofikira pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Johannesburg, dikirani m'kati mwa siteshoni mpaka akamwini kapena mwana wanu afike. Musatuluke panja ndi katundu kukafunafuna galimoto, musaonetse foni, ndipo wokunyamulirani katundu musamulole atsogole patali. Mukangodutsa Polokwane atumizireni uthenga kuti anyamuke. Funsani ku Airtel kapena TNM kuti nambala yanu igwire kunja, poti SIM ya kumeneko imafuna kulembetsa ndi pasipoti ndi adiresi, ndipo zimenezo mudzachita mutafika. Masoketi a magetsi a ku South Africa ndi a mabowo atatu ozungulira, osati a makona ngati athu, ndiye tchaja yanu idzafuna adaputa.

Muli konko, potuluka panyumba pasipoti muziyenda nayo mobisa, kope lake litsale kunyumba ndipo chithunzi chake chikhale mu foni ya mwana wanu. Musalole ganyu kapena kugulitsa malonda, chidindo cha mlendo sichilola ntchito. Nkhanza zochitira anthu obwera zakhala zikubuka nthawi ndi nthawi, monga mu 2008 ndi mu 2015 pamene boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi, choncho eni nyumba akati lero tisatuluke, amvereni. Nambala ya polisi ndi 10111, ndipo pa foni ya m'manja 112 imagwiranso. Pasipoti ikatayika, kanenani ku polisi tsiku lomwelo, mutenge kalata yawo n'kupita nayo ku ofesi ya boma la Malawi ku Johannesburg kapena kwa kazembe wathu ku Pretoria kuti akupatseni chikalata chobwererera kumudzi. Mukadwala moti simungathe kuyenda masiku asanathe, sungani kalata iliyonse ya chipatala ndipo mwana wanu afunse uphungu kwa loya wodziwa za imigireshoni tsikulo lisanakwane.

Pobwera, malisiti a zonse zomwe mwagula kapena kupatsidwa akhale pamodzi, chifukwa a MRA pa Mwanza adzawafuna powerengera msonkho, ndipo popanda lisiti mtengo amauyerekeza okha. Sabata ino yambani ndi ziwiri: fomu ya pasipoti, ndi kulankhula ndi mwana wanu za mapepala ake komanso tsiku lenileni lomwe a chipatala amupatsa. Mukamva zimenezo mundilemberenso, tidzawerengere limodzi tsiku lonyamuka ndi lobwerera.